Granite ndi greenstone za ku Zimbabwe ndi ku Barberton: chinayamba n'chiti, ndipo zinapindika bwanji?

Mdzukulu wa ku Shamva

Moni nonse pa gulu lino. Ndakhala ndikuyang'ana mapu oonetsa mitundu ya miyala ya dziko la Zimbabwe, ndipo pali chinthu chimene chandizunguza mutu. Migodi yambiri ya golide, kuyambira ku Shamva ndi ku Bindura, kutsikira ku Kadoma ndi ku Kwekwe mpaka ku Gwanda, sinamwazikane chisawawa ayi, koma yandandalika m'timizere topapatiza tokhotakhota ta miyala imene akatswiri amaitcha greenstone. Pakati pa timizereto pali madera aakulu ozungulira a granite, ndipo m'menemo migodi ndi yowerengeka. Kodi mwa miyala iwiriyi inayamba kukhalapo ndi iti? Nanga n'chiyani chinaikhazika m'maonekedwe oterewa?

Mphunzitsi wa ku Zomba

Achimwene, funso lanu linazunguzanso mutu A. M. Macgregor, katswiri wa miyala amene mu 1951 anafotokoza za maonekedwe omwewo m'dziko limene nthawi imeneyo linkatchedwa Southern Rhodesia. Tiyambe tasiyanitsa miyala iwiriyi.

Yambiri mwa miyala ya greenstone inali chiphalaphala chamoto chimene chinatuluka pansi pa nyanja n'kuuma, kusanduka mwala wakuda wolemera wotchedwa basalt. Pamwamba pake panasanjikana matope, mchenga, phulusa la mapiri ophulika, ndi miyala ya mizeremizere yokhala ndi chitsulo chambiri. Zonsezi zitakwiririka n'kutenthedwa pang'ono, munamera timiyala tatsopano tobiriwira monga chlorite, actinolite ndi epidote, ndipo n'timeneti timapatsa mwalawo mtundu wake. Granite ndiye sanatulukire kunja konse. Anazizira pang'onopang'ono pansi penipeni, n'chifukwa chake timbewu take n'tatikulu toti mukhoza kutiona ndi maso, toyera, tofiirira ndi takuda.

Mukayang'ana mapuwo, maonekedwe ake ali ngati maungu ounjikidwa m'dengu masamba atapanikizika m'mipata: maunguwo ndiwo granite, masambawo ndiwo greenstone. Inu muli pafupi ndi chitsanzo chabwino kwambiri. Matanthwe a ku Domboshava ali mbali ya chithumbi chachikulu cha granite chotchedwa Chinamora, ndipo mzere wa greenstone wochokera ku Harare umachizungulira kudzera ku Mazowe ndi Bindura mpaka ku Shamva.

NaPhiri wa ku Mbombela

Aphunzitsi afotokoza bwino, koma funso loti chinayamba n'chiti lilibe yankho limodzi, chifukwa granite wa ku Zimbabwe si wa msinkhu umodzi, ndiponso greenstone yake si ya msinkhu umodzi. Kum'mwera, m'dera la mtsinje wa Tokwe, kuli miyala ya mtundu wa granite yokandika kale, ya zaka pafupifupi 3.5 biliyoni, ndipo mkati mwake muli zotsalira za greenstone yakalekale ya gulu la Sebakwian. Greenstone imene yafala kwambiri, ya chigawo chapamwamba cha gulu la Bulawayan, ndi ya zaka pafupifupi 2.7 biliyoni. Pamwamba pake pali gulu la Shamvaian, limene linatenga dzina ku Shamva kwanuko, ndipo lambiri ndi mchenga ndi nsangalabwi zokokoloka kuchokera ku miyala yakale. Kenaka, zaka pafupifupi 2.6 biliyoni zapitazo, kunabwera granite wina wochuluka, wa gulu la Chilimanzi, amene analowerera m'zonsezi. Choncho granite wina ndi mkulu kwa greenstone, wina ndi mng'ono wake.

Zaka zimenezi sitiziganizira chabe. M'miyala muli kambewu kolimba kotchedwa zircon, kamene pomera kamalandira uranium koma kamakana mtovu. Uranium amasanduka mtovu pa liwiro lodziwika, moti theka la uranium-238 limatha pa zaka 4.47 biliyoni, ndipo poyeza kuchuluka kwa ziwirizi m'kambewu kamodzi timadziwa nthawi imene kanamera.

Malo amene amaonetsa bwino ubale wa miyalayi ndi ku Belingwe, dera limene lero limatchedwa Mberengwa, pafupi ndi Zvishavane. Kumeneko munthu angathe kuika dzanja pa malire penipeni: pansi pali mwala wakale wa mtundu wa granite umene unayamba wafumbutuka ndi mvula ndi mphepo, pamwamba pake pali miyala yoburungika ndi mchenga wa m'mphepete mwa nyanja wa gulu la Manjeri, pamodzi ndi miyala ya laimu yokhala ndi timilu tomangidwa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, ndipo pamwamba pa izi ndi pamene pali chiphalaphala chija, chochindikala makilomita angapo.

Wopuma pa Ntchito ya M'migodi

Ine sindinaphunzire zimenezi ku yunivesite, koma ndinakalambira pansi pa nthaka ku Midlands ku Zimbabwe, ntchito yanga inali yodula zitsanzo za miyala kuti zikayezedwe. Zimene mukunenazi ndikuzimva, koma pali pamene sindikugwirizana napo. Mwanena kuti miyalayi inasanjikana chogona pansi pa nyanja. Komatu pansi pamgodi siigona ayi, imaima chilili. Mukawalitsa nyali pa khoma mumaona mizere ikutsika molunjika kapena mopendekeka pang'ono, ndipo pafupi ndi mtsempha wa golide mwalawo umasenduka m'timapepala tosalala tonga sopo m'manja, moti denga la malo oterowo sitinkalikhulupirira. Mtsempha weniweniwo ndi mwala woyera wa quartz, penapake waukulu ngati chitseko, penapake n'kuchepa mpaka kutsala ngati chala, kenaka n'kukulanso patsogolo. Golide sitinkamuona kawirikawiri. Chimene chimanyezimira ndi pyrite, amene wanamiza anyamata ambiri obwera kumene. Tsono ndiuzeni, ndani anaimika miyala yochindikala makilomita ambirimbiri imene inali chigonere?

AMbewe a ku Perth

Bambo, pamene mwakhudzapa ndi pamene akatswiri akhala akukangana kwa zaka zoposa 50, ndipo ine ndinena mbali imene ndimaikhulupirira.

Basalt ndi wolemera kuposa granite. Pa muyeso umodzi womwewo, basalt amalemera pafupifupi katatu kuposa madzi, pamene granite amalemera pafupifupi ka 2.7. Kusiyanaku kumaoneka kochepa, koma taganizani chiphalaphala chochindikala makilomita 10 kapena kuposa chitakhala pamwamba pa granite. Cholemera chili pamwamba, chopepuka chili pansi. Masiku ano khungu la dziko n'lozizira ndi lolimba, moti likhoza kusenza katundu wotere osagonja. Kalelo sizinali choncho. Uranium, thorium ndi potassium, zimene zimatulutsa kutentha zikamasweka, zinali zochuluka, ndipo kutentha kochokera kwa izo kunali kowirikiza kawiri kapena katatu poyerekeza ndi lero. Chiphalaphala cha pamwambacho chinatsekereza kutenthako, granite wa pansi anafewa, penapake n'kusungunuka pang'ono. Zitatero, greenstone inayamba kumira m'malo ena, granite n'kukwera m'malo ena ngati zithumbi, ndipo miyala imene inali chigonere inakokedwera pansi m'mipata mpaka kuima chilili. Palibe chinaikankha kuchokera m'mbali. Kulemera kwake komwe ndiko kunaimika.

Umboni wooneka bwino uli kuno ku Western Australia, kum'mawa kwa dera la Pilbara, kufupi ndi tauni ya Marble Bar. Pa zithunzi zojambulidwa kuchokera m'mlengalenga, zithumbi za Mount Edgar, Corunna Downs ndi Shaw zimaoneka zozungulira bwinobwino, zina zotambalala makilomita oposa 50, ndipo greenstone ya zaka zapakati pa 3.5 ndi 3.2 biliyoni yazizinga mbali zonse. Mukayeza miyala yozungulira chithumbi chimodzi mumapeza kuti yonse yapendekera kunja, kuchoka pa chithumbicho, yakale kwambiri ili pafupi ndi granite, yaing'ono ili pakati pa mpata. Kukankhana kwa m'mbali kumabala mapiri otalika molunjika mbali imodzi, monga Andes kapena Himalaya. Sikubala zozungulira. Martin Van Kranendonk ndi anzake alemba zambiri pa mfundoyi, ndipo Macgregor naye ankaganiza motero za ku Zimbabwe.

NaPhiri wa ku Mbombela

AMbewe, za kum'mawa kwa Pilbara sindikutsutsa. Chimene ndikukana ndi kutenga dera limodzi n'kuliyesa muyeso wa dziko lonse.

Ku Barberton kuno, m'chigawo cha Mpumalanga ku South Africa, kumalire ndi Eswatini, nkhani yake ndi yovutirapo. Pali magulu atatu: Onverwacht pansi, wa chiphalaphala cha zaka zapakati pa 3.55 ndi 3.3 biliyoni, Fig Tree pakati, wa matope ndi phulusa, ndi Moodies pamwamba, wa mchenga wa zaka pafupifupi 3.22 biliyoni. Koma pakati pa mzere wonsewu padutsa mng'alu waukulu wotchedwa Inyoka, ndipo miyala ya kumpoto kwake ndi ya kum'mwera kwake siifanana kwenikweni pa kasanjikidwe ndi mbiri yake. Ambiri amawerenga zimenezi kuti zinali zidutswa ziwiri za khungu la dziko zimene zinali motalikirana, kenaka n'kugundana zaka pafupifupi 3.23 biliyoni zapitazo, nthawi yomweyo imene granite wa ku Kaap Valley analowerera kumpotoko. Malemu Maarten de Wit anafika ponena kuti mbali ina ya Onverwacht ndi pansi pa nyanja yakale pamene panakankhidwira kumtunda.

Mu 2006, Jean-François Moyen, Gary Stevens ndi Alexander Kisters anafalitsa zimene anapeza m'miyala ya kum'mwera chakumadzulo kwa Barberton: inafika kuya kwa makilomita oposa 40 koma kutentha kwake kunali madigiri apakati pa 600 ndi 650 okha. Pa kuya kotero, m'dziko lotentha ngati lakalelo, mwala unayenera kutentha kwambiri kuposa apo. Kuzama msanga usanatenthe ndi khalidwe la malo amene chidutswa chimodzi cha khungu la dziko chikulowa pansi pa chinzake, monga zikuchitikira lero kugombe la Chile ndi la Japan.

Ngakhale ku Belingwe kumene ndinatchula kuja kulinso mkangano. Mu 1992 Timothy Kusky ndi William Kidd ananena kuti chiphalaphala cha kumeneko sichinatulukire pamene chili lero, koma chinakwawa kuchokera kutali pa mng'alu wogona umene uli pamwamba pa gulu la Manjeri. Mike Bickle, Euan Nisbet ndi Tony Martin, amene anayenda m'derali zaka zambiri, anakana, nati chinatuluka pomwepo pamwamba pa mtunda wakale umene unkang'ambika. Pa nkhani ya Belingwe ine ndili mbali ya atatuwa. Koma mukapita ku Abitibi m'dziko la Canada, kapena ku Kalgoorlie komwe inu muli nako pafupi, greenstone ya zaka 2.7 biliyoni ili m'mizere italiitali yolunjika mbali imodzi, yolekanitsidwa ndi ming'alu ya makilomita mazanamazana. Zimenezo si zithumbi.

AMbewe a ku Perth

Achemwali, miyala yozama koma yosatentha ija ingathenso kufotokozedwa ndi kumira. Greenstone yozizira ya pamwamba ikatsika msanga m'mpata wa pakati pa zithumbi, nayonso imafika pansi isanatenthe, ndipo Van Kranendonk anawerenga Barberton yemweyo m'njira imeneyi. Ndionjezere kuti mwala wotchedwa blueschist, umene lero ndi chizindikiro chosakayikitsa cha khungu lolowa pansi pa linzake, supezeka m'miyala yoposa zaka 1 biliyoni. N'chifukwa chake Robert Stern amanena kuti kayendedwe ka zidutswa za khungu la dziko monga tikukadziwira lero kanayamba mochedwa kwambiri.

Komabe mfundo yanu ya Abitibi ndi Kalgoorlie ndi yolimba, ndipo Pilbara yemweyo amaichitira umboni. Kumadzulo kwake, kufupi ndi Karratha ndi Roebourne, miyala ya zaka zochepera 3.2 biliyoni ili m'mizere yolunjika, yodulidwa ndi mng'alu wa Sholl, ndipo chiphalaphala cha gulu la Whundo, cha zaka pafupifupi 3.12 biliyoni, n'chofanana m'kapangidwe ndi cha zilumba za mapiri ophulika za masiku ano, zimene zimamera pamene khungu likulowa pansi pa linzake. Kum'mawa zithumbi, kumadzulo mizere, dera limodzi lomwelo. Dayamondi nayenso amalozera nthawi yomweyo. Steven Shirey ndi Stephen Richardson anaonetsa mu 2011 kuti timiyala totsekeredwa m'dayamondi tochokera ku basalt womira m'kati mwa dziko timayamba kupezeka zaka pafupifupi 3 biliyoni zapitazo, pamene m'dayamondi wakale kuposa apo mulibe. Ine ndimaona kuti dziko linasintha khalidwe pamene linkazizira, ndipo Barberton amavuta kumuwerenga chifukwa anapindika pa nthawi ya kusinthako.

Mphunzitsi wa ku Zomba

Mkangano wonsewu watsamira pa mfundo yoti m'kati mwa dziko munali motentha kuposa lero, ndipo ena angafunse umboni wake. Umboniwo ndi mwala wotchedwa komatiite, umene amapasa Morris ndi Richard Viljoen anaufotokoza mu 1969 atauona m'chigwa cha mtsinje wa Komati ku Barberton. Ndi chiphalaphala chokhala ndi magnesium wochuluka kwambiri, chimene sichingasungunuke popanda kutentha kwa madigiri pafupifupi 1,600, pamene basalt wa ku Hawaii lero amatuluka pa madigiri osapitirira 1,200 kwenikweni. Chinkayenda mopyapyala kwambiri, ndipo pozizira chinkamera timbewu ta olivine tatitali tosongoka, topingasana, tina totalika ngati mkono wa munthu. Komatiite ndi wofala m'miyala yoposa zaka 2.5 biliyoni, koma pambuyo pake ndi wosowa zedi. Wa ku Belingwe ndi mmodzi mwa osungika bwino kwambiri pa dziko lonse, olivine wake akadali wosawonongeka. Nickel (mtundu wina wa chitsulo) wa ku Trojan kufupi ndi Bindura, wa ku Shangani, ndi wa ku Kambalda ku Australia amapezeka m'miyala ya mtundu umenewu.

Amene muli ku South Africa, msewu wochokera ku Barberton kukwera mapiri a Makhonjwa kupita kumalire a Bulembu uli ndi malo oimapo ofotokoza miyalayi, ndipo mapiriwo bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 2018. M'mbali mwa msewuwo mumaona chiphalaphala choumbika ngati mapilo osanjikana, chizindikiro choti chinatulukira m'madzi, ndi mchenga wa Moodies wosunga mizere ya kukwera ndi kutsika kwa nyanja.

Mdzukulu wa ku Shamva

Zikomo nonse. Ndili ndi mafunso awiri otsala. Loyamba, golide analowa bwanji m'timizereti osati mu granite? Lachiwiri likundikhudza ine mwini. Agogo anga anachoka ku Nyasaland wapansi kudzagwira ntchito pa mgodi kuno, monga anachitira anzawo ambiri amene zidzukulu zawo zikuvinabe gule m'makomboni a migodi mpaka lero. Kodi kwawo kunalibe miyala yotereyi?

NaPhiri wa ku Mbombela

Za golide, a bambo athu opuma aja afotokoza kale theka lake osadziwa kuti akuyankha funso lanu: mwala wosenduka wa pafupi ndi mtsempha uja ndi pamene miyala inakhulana pa mng'alu. Greenstone ili ndi madzi ambiri omangika m'timbewu take. Ikatsikira pansi n'kutenthedwa, imatulutsa madziwo pamodzi ndi mpweya wa carbon dioxide ndi sulufule, ndipo madzi otentha oterewa amasungunula golide womwazika pang'onopang'ono m'miyala yambiri. Njira yawo yokwerera kumtunda ndi ming'alu. Akafika pamene kutentha kwatsika kufika madigiri 300 kapena 400, kapena akakumana ndi mwala wa chitsulo chambiri umene umawalanda sulufule n'kupanga pyrite, golide amatsalira pomwepo pamodzi ndi quartz. Granite ndi wouma, alibe chitsulo chambiri, ndipo sang'ambika m'njira yomweyo. Golide wambiri wa ku Zimbabwe analowa cha kumapeto kwa kupindikaku, zaka zapakati pa 2.7 ndi 2.6 biliyoni zapitazo. Anthu a m'dzikomo anaidziwa mitsemphayi zaka mazana ambiri azungu asanabwere, moti migodi yambiri ya m'ma 1890 inakhomedwa pa maenje akale a eni dziko, ndipo makorokoza a lero, anthu okumba golide pawokha, akutsatabe mizere yomweyo.

Za kumudzi, Malawi ali pakati pa zigawo zakale zolimba zimenezi, osati pamwamba pake. Chigawo cha Zimbabwe chili kum'mwera chakumadzulo, ndipo mzere wake wa Mutare umalowa mpaka ku Manica ku Mozambique. Cha Tanzania chili kumpoto, kumene kuli migodi ya Geita ndi Bulyanhulu pafupi ndi nyanja ya Victoria. Miyala yambiri ya Malawi ndi ya m'malamba amene anakandidwa mobwerezabwereza pamene zigawozo zinkagundana: zaka pafupifupi 2 biliyoni zapitazo kumpoto cha ku Chitipa, kenaka pafupifupi 1 biliyoni, kenakanso zapakati pa 600 ndi 500 miliyoni. Inafika pansi kwambiri ndi kutentha kwambiri kuposa greenstone. Phiri la Mulanje ndiye ndi la dzulodzuloli, la zaka pafupifupi 130 miliyoni. Golide alipo ndithu, monga wa m'chigwa cha Lisungwi, koma mizere ngati ya Kwekwe ndi Kadoma kulibe.

Wopuma pa Ntchito ya M'migodi

Mayi, mwandimasulira zimene ndinkaziona ndi maso osazimvetsa. Koma pali chinthu chimodzi m'dziko lino chimene sichinapindike ndi pang'ono pomwe. Great Dyke, mzere wautali wa miyala uja, imadutsa pakati pa dziko la Zimbabwe kuchokera cha ku Guruve mpaka kupitirira Zvishavane, yowongoka, ikudula granite ndi greenstone mosasankha. Anzanga amene ankakumba chrome ku Mutorashanga ankati kumeneko mizere ya mwala imagona ndithu, yongopendekera pang'ono pakati. Nanga iyo inapulumuka bwanji?

NaPhiri wa ku Mbombela

Inapulumuka chifukwa inabwera zonse zitatha, bambo. Great Dyke ndi yotalika makilomita pafupifupi 550, ndipo zaka zake ndi 2.575 biliyoni, kutanthauza kuti inalowa patangopita zaka mamiliyoni ochepa kuchokera pamene granite wa Chilimanzi anauma. Kuti khungu la dziko ling'ambike mowongoka mtunda wonsewo, liyenera kukhala lolimba ngati thanthwe limodzi, osati lofewa loti zithumbi zingakweremo. Granite womalizayo ndiye anathandiza kulilimbitsa: posungunuka m'munsi n'kukwera, ananyamula uranium, thorium ndi potassium kupita nazo kufupi ndi pamwamba, kumene kutentha kwake kumathawa mosavuta, ndipo m'munsimo munatsala mouma ndi mozizira. Pansi pa khungulo panatsalanso muzu wa mwala wopepuka umene unachotsedwa kale zosungunuka zake pamene komatiite ndi basalt zinkatuluka, wozama makilomita 200 kapena kuposa, ndipo ndi mu muzu wotere momwe dayamondi wa ku Murowa anasungika kufikira chiphalaphala china chitamukwezera kumtunda. M'mng'alu wa Great Dyke, chiphalaphala chinakhala bata n'kuzizira pang'onopang'ono, timbewu tolemera tikutsika pansi mosanjikana, n'chifukwa chake chrome ali m'mizere yake, platinamu amene akukumbidwa ku Ngezi, ku Unki ndi ku Mimosa alinso mu mzere wakewake pamwamba pa chrome, ndipo kupendekera pakati kumene anzanu ankakuona ndi maonekedwe a mphika umene chiphalaphalacho chinazizirira.